Amalume Anga, Seneta wa Kumchira kwa Ngalande

Chidindo chija ndinachisema pa patapata wakale wa amayi, wabuluu, wodyeka kuchidendene. Ndinagwiritsa ntchito lezala, ndipo kachipsera kake kadakalipo pa chala changa. Zilembo ndinazisema chobwerera m'mbuyo monga ndinaonera pa chidindo cha aphunzitsi aakulu, pakati n'kuikapo kanyama kooneka ngati mkango kapena galu, malinga ndi mmene wachigwirira. Ndikachinyika mu inki ya mabolopeni othyola, chinkanunkha mphira ndi thukuta la phazi. Ndinali mtsikana wa Fomu 2, ndipo kunena zoona, palibe ntchito ya manja imene ndaigwirapo bwino kuposa imeneyo.

Ndinachisemera amalume, achimwene awo a amayi. Iwowa anabwerera kwathu ku Domasi akazi awo atamwalira. Kuchikamwini anasiya nyumba ya njerwa zootcha, mitengo ya mango ndi ana akuluakulu, n'kubwera ndi sutikesi ndi njinga yopanda mabuleki. Mwamuna wobwerera kwa mlongo wake ali ndi imvi amakhala ngati mpando wobwereka pamaliro, aliyense amaulemekeza koma palibe akudziwa pouika. Chimene chinawapatsa malo ndi kiyi. Alimi a mpunga kumunsi kwathu anali atapatutsa madzi a mumtsinje kulowa mu ngalande imodzi, pamutu pake n'kuikapo chitseko chachitsulo chokhoma ndi loko. Kiyi anapatsa amalume chifukwa analibe munda wawowawo woti aukondere.

Lamulo lawo linali limodzi: madzi ayambire kumchira. Akatsegula chitseko m'mawa, ankatsika ndi ngalande, buluku atapinda, kuonetsetsa kuti a kumtunda atseka makomo a minda yawo ndi matope mpaka madzi atafika kwa omaliza. Omalizawo tinali ife ndi amayi ena anayi amasiye. A kumtunda ankang'ung'udza kuti akukondera mlongo wawo, koma ankamvera.

Kupatula kiyi, amalume anali ndi kabuku ka malamulo oyendetsera dziko, kamene anakalandira zipani zambiri zitangoyamba. M'kabukumo munali nkhani ya nyumba yachiwiri ya malamulo, yotchedwa Seneti. Boma lililonse linkayenera kutumiza munthu mmodzi wosankhidwa ndi makhansala, ndi mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake. Mipando ina inali ya magulu: amayi, olumala, azipembedzo, alimi. Pa mawu akuti alimi pepala linali litada ndi chala chawo. Zaka zinkapita, Seneti osakhazikitsidwa, ndipo yankho linali lakuti kulibe makhansala oti asankhe. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankandikhazika pakhonde kuti ndiwawerengere tsamba lomwelo mokweza, anzanga akusewera fulaye ine ndikuwamva.

Chaka chimene makhansala anasankhidwa, amalume anati basi, chotchinga chachoka. Analemba kalata yodzipereka kuimira alimi, anthu a pa ngalande n'kudinda zala zawo, ena chifukwa chowakhulupirira, ena kuti awasiye apite kumunda. Anaitumiza. Kumene inakafika sindikudziwa, popeza nyumba imene ankailembera inalibe khomo. Koma iwo anali atapeza kale kumene idzakhale. Aphungu anasamukira ku Lilongwe n'kusiya nyumba yakale ya malamulo ku Zomba ili pululu. Kodi boma lingasiye nyumba yotere popanda cholinga? Anaisiyira maseneta. Ife a ku Domasi tinakula tikudziwa kuti malamulo amapangidwa kuseri kwa phiri lathu lomweli, choncho palibe amene anawatsutsa.

Mlandu wanga ndi iwo unali waung'ono. Anandipeza ku Songani nthawi ya sukulu ndikutuluka m'nyumba yoonetsa vidiyo, n'kundikweza pa kaliyala ya njinga ngati mbuzi, anyamata a maminibasi akuimba mluzu. Anakandipereka kwa aphunzitsi aakulu, amene anandipatsa chilango chosesa ofesi sabata ziwiri. Mu ofesimo munali taipi, makina olembera makalata.

Kalatayo ndinailemba m'Chingerezi cholemera, chotola m'mabuku a mbiri yakale. Inati alimi a m'boma la Zomba adzaimiridwa ndi iwo, ndipo akaonekere ku nyumba yakale ya malamulo Lolemba m'mawa kuti akalumbire. Pansi pake ndinadindapo chidindo chija. Sitampa ndinaimatula ndi nthunzi pa envulopu yakale. Makalata a m'mudzi mwathu onse ankabwera kudzera m'thumba la sukulu, ife ana n'kumawatengera kunyumba, ndiye ndinangoipereka ndi manja awiri, nditagwada bwinobwino.

Anaiwerenga ataimirira, milomo ikuyenda, kenaka anakhala pansi pa dothi, mpando uli pomwepo. Ine ndinathawira kuseri kwa bafa n'kuluma chitenje kuti asandimve ndikuseka. Ndinkayembekezera kuti akaionetsa kwa aphunzitsi, aphunzitsi aseka, ine ndikwapulidwa, nkhani n'kutha. Sanaionetse kwa aliyense wodziwa kuwerenga. Loweruka anaitanitsa msonkhano pamutu pa ngalande.

Kunabwera anthu ambiri, mvula ikuwaza. Amalume ananena kuti munthu sangatumikire dziko ndi ngalande nthawi imodzi, ndipo sakufuna kuti mpunga wa anthu uvutike iwo ali ku misonkhano. Mkulu wa mpingo anapemphera, shehe nayenso anapemphera, azimayi anaimba nthungululu. Kenaka amalume anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuveka bambo wina wa kumtunda, mwini minda itatu yoyambirira, amene anthu anamusankha pokweza manja chifukwa anali ndi mawu aakulu. Ndinaona amayi akuyang'ana pansi. Apa ndi pamene ndikanalankhula. Anthu akandifunsa lero amafuna ndinene kuti ndinachita mantha. Sindinachite mantha. Ndinkafuna kuona kuti zifika pati.

Lolemba ananditenga kuti ndikakhale mlembi wawo, poti ndimadziwa Chingerezi. Jekete anabwereka kwa mkulu wa mpingo, manja ake ofika m'zala. Mu minibasi anauza kondakitala kumene akupita, ndipo kondakitala anatsitsa mayi wina pampando wakutsogolo kuti akhalepo bwana. Phiri linali litafunda nkhungu. Tinakwera mtunda wapansi kuchokera m'tauni, nsapato zawo zikulira chifukwa cha madzi, mpaka tinafika pa nyumba ija, ya makoma onyowa ndi udzu womera m'masitepe.

Panali mlonda wachikulire, wovala chijasi. Analandira kalata, anaiyang'ana nthawi yaitali, anaiyandikiza kumphuno, kenaka anayang'ana ine.

"Bambo, pepani, muno mulibe msonkhano," anatero. "Za Seneti ine ndimangozimva pa wailesi ngati inu nomwe."

"Sanakuuzeni chabe," anayankha amalume mokoma mtima. "Zinthu zikuluzikulu alonda amamva pomaliza."

Mlondayo sanakwiye. Anawatulutsira kampando kake, iye n'kukhala pa njerwa. Tinadikira. Ikadutsa galimoto amalume ankaimirira n'kukonza jekete. Anandifotokozera kuti anzawo a ku Chitipa ndi ku Nsanje akuchokera kutali, si bwino kuwaweruza. Anandionetsa zenera limene ankaganiza kuti adzakhala pafupi nalo, kuti azidzaona mvula ikamapita kwathu. Masana mlonda anagawa chimanga chake chophika patatu. Ine m'mimba munkapweteka chifukwa chobisa phwete, ndipo kawiri ndinanamizira kukataya madzi kuti ndikaseke kuseri kwa mtengo. Dzuwa litapendeka amalume anathokoza mlonda, n'kumupempha kuti ena akabwera awauze kuti wa alimi anafika pa nthawi yake.

Pobwerera anakhala kumbuyo kwenikweni kwa minibasi, pafupi ndi matumba a makala.

Amayi sanafunse zambiri. Atamva, anangoti, "Achimwene, kapempheni kiyi uja."

"Chemwali, chimene wapereka pamaso pa anthu, ndi mapemphero awiri, sukachitenganso."

Anapita okha amayi, ndi amasiye aja. Bambo wa kumtunda anawalandira bwino, n'kuwauza kuti iye sanalande kanthu, anachita kuvekedwa, ndipo aseneta akafuna abwere adzanene okha pamsonkhano kuti ananamizidwa. Amalume sanapite.

Sabata yomweyo mvula inadula. Tinali titangowokera mpunga. Kumwamba kunayera ngati mbale, mtsinje unatsika, ndipo madzi anayamba kuyambira kumutu monga amachitira paliponse pamene palibe munthu wowaletsa. Akafika kwa ife anali kamkodzo chabe, tsiku lina osafika n'komwe. Ndikukumbuka matope a m'munda mwathu akuchita ming'alu yolowa dzanja, mbande zikusanduka zachikasu kuyambira kunsonga, ndi fungo la tiana ta achule touma m'timaenje ta mapazi athu. Tinayesa kutunga ndi ndowa, ine ndi amayi, kuyambira m'mawa mpaka khosi kuuma. Munda wa mpunga suthiriridwa ndi ndowa. Mmodzi wa amasiye aja anangozula mbande zake n'kupatsa mbuzi.

Amalume ankadzukabe m'mawa, kupinda buluku, n'kutsika ndi ngalande manja ali kumbuyo. Ana ankawatsatira akuguba, akuti aseneta akuyendera dziko. Nyimbo imene ankaimba ndinapeka ndine. Inali yabwino, ndipo ena kwathu amaikumbukabe.

Ndamvapo anthu ophunzira akukangana za Seneti ija, ena akuti ikanathandiza, ena akuti ikanangodya ndalama za dziko. Chisankho chikayandikira nkhaniyi imadzuka, chikatha imagonanso. Ine sindilowerera. M'dziko muno simunakhalepo chisankho cha maseneta ngakhale chimodzi, ndipo seneta yekhayo amene ndikumudziwa ndinamusankha ndekha, pa taipi ya sukulu. Anafika pa nthawi yake, zimene sindinganene za ambiri amene ndawavotera chikulireni.

Nkhani inatipeza masana ena tili pakhonde, amayi akusankha nyemba zoti tidye m'malo mwa chiyembekezo cha mpunga. Wailesi inanena kuti aphungu agwirizana zochotsa Seneti m'malamulo a dziko. Sidzakhalaponso. Amayi anasiya nyemba. Ine ndinayang'ana amalume, ndikuganiza kuti lero ndiye agwa.

Anaimirira pang'onopang'ono, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene mwana wake wapezeka.

"Mwamva?" anatero. "Ndiye chifukwa chake. Anandiitana ndithu. Angoigwetsa nyumbayo ine ndili m'njira."

Anameta ndevu, anavala malaya oyera, n'kutenga kalata ija kuyenda nayo khomo ndi khomo mpaka ku Songani, akuuza aliyense kuti amve yekha pa wailesi. Ena anawapepesa ndithu. Kiyi sanabwezeredwe, ndipo iwo sanafunsenso za kiyiyo mpaka imfa yawo. Chaka chimenecho kumchira sikunatuluke ngakhale thumba limodzi.

Ine tsiku limenelo ndinavina kuseri kwa khitchini. Ndinaona ngati dziko lonse, ndi aphungu ake, labwera kudzafufuta mapazi anga. Amayi anandipeza ndikuvina, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera ku nyemba zawo, ndipo ndinati nawonso ndawapusitsa. Chinandidabwitsa chinali chimodzi chokha, ndipo ndinachiyesa uchitsiru wa ukalamba: munthu angasangalale bwanji tsiku limene chinthu chimene wachidikira zaka zonsezo chafa? Sindinkadziwa kuti masabata onse aja, akutsika ndi ngalande youma manja ali kumbuyo, amalume ankawerenga m'mutu anthu a pakhomo pathu odziwa kulemba Chingerezi chotere, ndipo nthawi zonse ankapeza mmodzi.