Mphero ya Apongozi Ilowa M'kalasi

Ku Manyamula mukafunsa za Iness Jere, anthu amangoyang'anana. Koma mukati "Madamu wa mabatire," ngakhale wogulitsa tomato akulozerani nyumba. Mayi ameneyu sadutsa batire lakutha la tochi osatsika panjinga n'kulitola.

Zinayamba chaka chimene ahedi a pasekondale yoyendera, Bambo Lyson Kamanga, anafuna kuthetsa phunziro la kemisitile limene Iness ankaphunzitsa. Ana amene analembetsa anali anayi okha.

"Akapanda kukwana khumi pofika Lachisanu, Madamu, mudzaphunzitsa zaulimi," anatero ahediwo.

Iness zinamuwawa. Vuto ankalidziwa: mpweya wa okosijeni anawo ankangouwerenga pabolodi, ntchito yake osaionapo. Labu inalipo, koma ya mabotolo okhaokha. Ndiye anapita ku Mzimba boma kukagula mankhwala otsukira zilonda, ochita thovu aja. Anang'amba mabatire akutha n'kuchotsamo zakuda zam'kati, poti zimenezo zimafulumizitsa mankhwalawo kutulutsa okosijeni.

Lachitatu anaponya zibuluma zakudazo m'botolo la mankhwalawo kalasi yonse ya fomu filii ikuonerera. Kunatuluka tithovu tiwiri, kenako zii. Ana anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kunyumba anapeza apongozi ake, aNyaTembo, akupera mawere pamphero.

"Nkhope yatupa bwanji, NyaJere?"

Iness anafotokoza manyazi onse.

"Mbwenu munathira zosapera? Mwaphunzira chomene inu, koma chimera chosapera munachionapo chikutsekemeretsa thobwa?"

Iness anagwira pakamwa. Zimenezi ankaziphunzitsa yekha, kuti chinthu chikakhala ufa mankhwala amachikhudza mbali zonse.

"Ndapota, amama, mundibwereke mpheroyo."

"Ikakhudza uve wanuwo, mawere anga sabwererapo."

Mpheroyo aNyaTembo anabwera nayo kuchokera kwawo ku Euthini ali mtsikana. Anaisisita kanthawi, kenako anasesa mawere n'kunena kuti, "Bweretsani. Koma ndipera ndine, inu manja anu ndi a choko."

Anapera mpaka ufawo unasalala ngati phulusa. Lachisanu Iness, poopa kuchitanso manyazi, anathira sipuni yodzaza. Thovu linati phuu, kusefukira patebulo mpaka pa nsapato zopolisha za ahedi, amene anadumpha ngati aponda linthumbu. Iness anayatsa kamtengo, n'kukazima, n'kulowetsa khala lake pakamwa pa botolo. Kanayakanso lawi lowala. M'kalasi munabuka mfuwu, ndipo ana makumi atatu analembetsa tsiku lomwelo.

Lero mpheroyo imakhala pakona mu labu, yakuda bii, ndipo aNyaTembo mawere amapititsa kuchigayo, akudandaula kuti sakoma. Tsiku lina Iness anawauza kuti apeza ina, yawoyo aikweche bwino n'kuibweza.

"Yewo, koma isiyeni," anatero aNyaTembo. "Ine sukulu anandikaniza ndili mwana. Mphero yanga yalowa fomu filii, mukufuna muichotsenso?"