Kachikwangwani ka pa Chitseko cha Chipinda 18

Ntchito ya pahotelo anandipezera ndi mayi wina wa kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Chiputula. Ndinali nditakhala mu Mzuzu miyezi inayi, kunyumba kwa achemwali anga ku Mchengautuwa, nditachoka kwathu ku Thyolo maliro a mayi athu atatha. Mayi ndinawadwazika ndekha chaka chathunthu, ndipo atatisiya mtima wanga unachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Sindinkalira, sindinkaseka. Achemwali ankati ndipeze chochita ndisanazolowere kukhala pakhonde n'kumayang'ana kabaza akudutsa.

Mayi wa kwaya uja ankachapa ndi kusita pahoteloyo. Anamva kuti mtsikana wina woyeretsa zipinda wasiya ntchito, ndiye anandiperekeza kwa mkulu wa oyeretsa, mayi wamfupi wa magalasi amene aliyense ankawatchula kuti a NyaMhango. Sanayang'ane n'komwe satifiketi yanga ya Folomu 4. Anandilowetsa m'chipinda chopanda mlendo, nakoka shiti pabedi, n'kundiuza kuti ndiyale. Nditayala anapasula, n'kundionetsa kupinda makona kuti shiti ikhale yokungika ngati chikopa cha ng'oma. Ndinabwereza katatu. Kachinayi anangoti ndibwere Lolemba sikisi koloko, tsitsi lili m'duku.

Hoteloyo inali ya kampani ina imene ilinso ndi nthambi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ankati zipinda zake n'zofanana konseko, mpaka chithunzi cha pakhoma. Inali mumsewu wa maofesi, pakati pa sitolo ya zipangizo zomangira ndi nyumba za mabungwe. Sinali ya anthu olemera kwambiri. Kunkagona anthu a misonkhano, ogulitsa mbewu ndi feteleza, nthawi zina madalaivala a mabwana. Ambiri ankachoka m'mawa n'kubwerako madzulo, moti ndinkawadziwa ndi nsapato zawo ndi mafuta odzola, osati nkhope.

Anandipatsa zipinda khumi ndi zinayi za m'mwamba, khadi lotsegula zitseko zonse, ndi kangolo ka matayala. Pamwamba pa kangoloko pankakhala mashiti, mapilokesi ndi mathaulo, pakati tisopo ndi timapaketi ta tiyi, shuga ndi mkaka waufa, pansi ndowa ziwiri, mopu ndi bulashi ya m'chimbudzi. Nsanza zinali zitatu ndipo kuzisokoneza unali mlandu: yofiira ya m'chimbudzi, yabuluu ya magalasi, yachikasu ya matebulo. Ukalowa umatsegula mazenera, kutaya zinyalala, kuvula bedi, kutsuka bafa, kuyala, kupukuta, kenako kukolopa chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo. Chipinda chimodzi mphindi makumi awiri ndi zisanu. A NyaMhango ankakonda kunena kuti, "Mlendo asakuone iwe, mama. Aone ntchito yako basi." Mlendo akapachika kachikwangwani kakuti asasokonezedwe, lamulo linali lakuti usagogode, ungolemba papepala n'kupitirira.

Ntchitoyo inandiyenera. Sinkafuna kuti ndiganize kapena kuyankhula. Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa osaimva n'komwe.

M'nyengo yozizira, Lamlungu lina, m'chipinda 18 munalowa bambo Mbewe a ku Lilongwe, amene anabwera kudzaphunzitsa alangizi a zaulimi sabata yonse mu holo yathu. Anali bambo wamkulu thupi, wa imvi pang'ono. Lachiwiri ndinakumana nawo atabwerera kudzatenga mapepala amene anaiwala. Atamva kayankhulidwe kanga anandifunsa kwathu, n'kuseka kuti munthu wa ku Thyolo yekha ndiye sangadandaule ndi kuzizira kwa Mzuzu. Kenako anandionetsa timabotolo ta mankhwala m'kafiriji, n'kundipempha kuti ndisamazimitse soketi pokolopa, chifukwa amadwala shuga ndipo amadzibaya okha jakisoni. Ndinavomera. Anandithokoza ndi "yewo" wophunzira kumene, n'kutsika.

Lachitatu ndinapeza kachikwangwani kali pachitseko chawo. Ndinasangalala, chifukwa tsikulo alendo asanu ankatuluka ndipo zipinda zawo zinafunika kuvula zonse. Cha m'ma 11 koloko ndikukankha kangolo kudutsa pa 18, ndinamva chinthu cholemera chikugwa m'katimo, kenako kapu kapena supuni ikulira pansi. Ndinaima. Ndikukumbukira kuti dzanja langa linali pandowa, ndipo madzi anali akugwedezekabe. Sindinamvenso china. Ndinayang'ana kachikwangwani kaja, ndinalemba papepala kuti 18 sindinalowe, n'kupita ku 19.

Tsiku limenelo gulu lawo linali litapita kukaona minda kunja kwa tauni pa galimoto zitatu. A m'galimoto iliyonse ankaganiza kuti bambo Mbewe akwera inayo. Pofika kumundako anangoti mwina atsala kuti apume, ndipo pobwerako sanafune kuwavutitsa.

Lachinayi m'mawa holo inadzaza, mphunzitsi osaoneka. Foni yawo inkangoitana. Mnzawo wina anakafunsa polandirira alendo, ndipo a NyaMhango anakwera ndi mlonda wa masana, n'kundiitana kuti ndibwere ndi khadi. Anagogoda katatu, akuti odi, odi. Ndinatsegula ndine.

Anali pansi, pakati pa bedi ndi tebulo la tiyi, atavala buluku ndi vesiti, nsapato imodzi kuphazi. Thireyi inali itagwa. Timapaketi ta shuga tinali mbwee pamatailosi, kamodzi kali m'dzanja lawo, kong'ambika pakona. Mlonda anati mwina akomoka, koma ine ndinali nditaonapo kale mtundu umenewo wa nkhope. Ndinawauza kuti apita, ndipo si lero. A NyaMhango anagwira chitseko n'kunena motsitsa m'chinenero chawo, "A Chiuta ŵane." Ine ndinaona kuti makatani ndi otseka ndipo ndinayamba kupita kukawatsegula, monga ndinkachitira m'chipinda chilichonse. Mlonda ndiye anandikoka mkono.

Manijala anabwera, anaimba foni kupolisi ndi kulikulu la kampani. Anatiuza kuti alendo ena asadziwe, ndipo thupi lidzatsikira masitepe a kumbuyo, kumene timatulutsira zochapa. Wapolisi wamkazi anandikhazika m'kachipinda kathu kosungira mathaulo n'kundifunsa tsiku limene ndinawaona komaliza. Ndinati Lachiwiri. Anafunsa ngati ndinamva kapena kuona chachilendo Lachitatu. Ndinati ayi. Mawuwo anatuluka okha, osanjenjemera, ndipo iye analemba.

Kenako a NyaMhango anati zipinda zikudikira. Ndinayeretsa khumi ndi zitatu. Ndinapinda makona, ndinasintha mathaulo, ndinaika timapaketi ta shuga tinayi pathireyi iliyonse. Pansi, m'holo yaing'ono, gulu lina la msonkhano linkawomba m'manja, ndipo nthawi ya tiyi itakwana fungo la masamusa linakwera mpaka m'mwamba. Masana ndinadya mpunga ndi nyemba, ndinamaliza mbale yonse. Mayi wa kwaya uja ankalira m'chipinda chochapira ngakhale sanawaonepo bamboyo, ndipo ankandiyang'ana ngati akudikira kuti nanenso ndiyambe.

Mayi Mbewe anafika cha m'ma 4 koloko, atayamba adzera kuchipatala. Anali mayi wamtali, mphunzitsi, atamanga chitenje pamwamba pa diresi la kuntchito. Achimwene awo anatsala pansi kusaina mapepala. Mayiwo anapempha kuti katundu alongedze okha, ndipo awathandize munthu amene ankayeretsa chipindacho. A NyaMhango anaima pakhomo. Ine ndinkatulutsa malaya m'kabati, mayiwo n'kumapinda pabedi, mmodzimmodzi, mosamala kwambiri. Anandifunsa mmene ndinawapezera ndipo ndinawafotokozera, kupatula za shuga wa m'dzanja. Anafunsa ngati amuna awo ankadya bwino. Ndinati sindikudziwa, ine ndi wa zipinda.

Atatseka chikwama anakhala pamphepete pa bedi, osandiyang'ana.

"Nyumba yonseyi anthu ali thoo. Palibe amene anamva kanthu?"

Ndikanatha kuyankha monga ndinayankhira wapolisi. A NyaMhango anali pomwepo, ndipo ndinkadziwa kuti ntchito ikhoza kuthera pa mawu amenewo. Sindinganene kuti ndinalimba mtima, chifukwa mantha sindinawamve. Ndinangotopa.

"Ndinamva ine, mayi. Dzulo cha m'ma 11 chinagwa chinthu muno. Ndinaima pakhomopo, koma panali kachikwangwani. Ndinapitirira."

"Munkadziwa kuti amadwala?"

"Anandiuza Lachiwiri."

Anasisita chogwirira cha chikwama ndi chala. Ndinadikira kuti andilalatire, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma anati, "Ine ndinawaimbira dzulo masana kanayi. Osayankha. Ndinakwiya, ndinati akafuna aimba okha. Nambala ya hotelo ino ndinali nayo." Anaimirira, ananyamula chikwama, anakana kuti ndiwathandize. Pakhomo anatembenuka n'kundifunsa dzina. Nditawauza kuti Esinati, analibwereza kamodzi, n'kutsika masitepe.

A NyaMhango anadikira mpaka nthawi yoweruka. Anandiitana, n'kundiuza kuti mawa m'mawa tipitira limodzi kupolisi kuti ndikakonze mawu anga, ndipo tinapitadi. Wapolisi uja anawonjezera mizere iwiri, n'kutiuza kuti tizipita. Manijala anafuna kundilembera kalata yochenjeza, koma a NyaMhango anamuuza kuti ngati pali wolakwa ndi amene anandiphunzitsa lamulolo, ndipo ndi iwowo. Nkhani inathera pomwepo. Ngati bambo Mbewe akanapulumuka ndikanagogoda, palibe amene anandiuza, ndipo sindinafunse. Sindikudziwa mpaka lero.

Lachisanu lomwelo chipinda 18 ndinachiyeretsa ndine. Ndinavala magolovesi awiri dzanja lililonse, ndinakolopa ndi madzi a kolorini kawiri, tinasintha matiresi ndi makatani, mazenera anakhala otsegula tsiku lonse. Pansi pa bedi ndinapeza nsapato inzake ija, ndinaikulunga m'pepala n'kukaisiya ku ofesi. Kunyumba achemwali atandifunsa za kuntchito ndinati kunali bwino. Loweruka madzulo chipindacho anapatsa mlendo wina.

Sabata yotsatira a NyaMhango anatisonkhanitsa tonse asanu n'kutiuza kuti kuyambira tsikulo, kachikwangwani kakafika masana kali pachitseko, tizigogoda mpaka timve mawu a munthu, ndipo tikamva phokoso lachilendo tisadikire masana. Sanalembe paliponse, chifukwa buku la malamulo linkachokera kulikulu. Anati mlendo akadandaula, tizinena kuti atituma ndi iwo.

Woyamba kumugogodera anali bambo wina wogulitsa zipangizo za magetsi, m'chipinda 22. Ndinagogoda kamodzi, zii. Kachiwiri, zii. Ndinachita mantha, ndipo aka kanali koyamba m'chaka chonsecho kuti ndimve kanthu mumtima. Kachitatu chitseko chinatseguka mwamphamvu. Bamboyo anali m'thaulo, maso ali psuu ndi tulo. Anandifunsa ngati ndinapita kusukulu, ngati ndimatha kuwerenga, ndipo anati akandinenera kwa manijala. Ndinati pepani bwana, mugone bwino. Anamenyetsa chitseko.

Ndinakankha kangolo mpaka kumapeto kwa khonde, ndinakhala pansi pafupi ndi mopu, n'kulira mpaka a NyaMhango anabwera kudzandifuna.

Ndagwira ntchitoyi zaka zingapo tsopano, ndipo atsikana atsopano ndimawaphunzitsa ndine. Kupinda makona a shiti amakudziwa pa sabata imodzi. Chimene chimawavuta ndi kugogoda pachitseko cha munthu amene wanena kuti asasokonezedwe, chifukwa amaopa kutukwanidwa. Ndimawauza kuti akatukwanidwa adziwe kuti ntchito yayenda bwino. Wotukwana ali moyo.