Tsiku Limene Anandinyamula pa Machira

M'chaka changa choyamba ku Cuamba, kumene tinkaphunzira kuthandiza ovulala asanafike kuchipatala, aphunzitsi anafuna munthu woti agone pa machira ngati wovulala. Onse anayang'ana pansi. Ine sindinkatha kukanira akuluakulu, ndiye ndinagona. Anzanga anandifunditsa nsalu yoyera mpaka m'khosi n'kundinyamula kudutsa pabwalo la sukulu, ine nditatsinzina monga anandiuzira.

Sindinadziwe kuti kumpanda kunaima mayi wina wa kwathu ku Ngauma, amene anabwera kudzagulitsa nyemba. Kumudzi kwathuko foni sigwira.

Loweruka masana nditatsika shapa, minibasi yopita kumudzi, ndinapeza pakhomo pathu pali phulusa la moto wa maliro, mphasa yanga ataitulutsa panja. Ana anathawira kuseri kwa nkhokwe. Amayi anaima pakhonde, osandiyandikira.

"Mwabwera kudzatenga ndani?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinagwada n'kutambasula dzanja. Patapita nthawi anasendera, ndipo ndinaika zala zawo ziwiri pamtsempha wa pamkono panga, pamalo pamene aphunzitsi anatiphunzitsa kumverapo kugunda kwa mtima. Anakhala chigwirire nthawi yaitali.

Mpaka lero ndikafika kumudzi, amayamba agwira pamenepo asanandipatse moni.