Mayi Eneresi ndi Manda a Kuseri kwa Kapela

Mwezi watha mpingo wa ku Namirumba unaika m'manda mayi Eneresi Mukhova, mkazi wa malemu katekisita Yonasi. Olankhula pamaliro anali ambiri, koma ambiri mwa iwo anathera nthawi kutamanda mwamuna wawo. A Yonasi anali munthu wabwino, palibe akukana. Koma maliro anali a mayi, ndipo ena amene analira mokweza tsiku lija ndi omwe aja ankakana kudya chakudya chawo. Tsamba lino likhale la mayi Eneresi okha. Wokwiya akwiye.

Anabadwira kutsidya, ku Malawi, patsinde pa phiri la Mulanje. Makolo awo ankathyola tiyi m'esiteti. Sukulu anailekeza msanga kuti azilera azing'ono awo. Amayi awo anali mmodzi wa amayi osambitsa maliro, ndipo Eneresi atakula ndiye ankawatungira madzi a ntchitoyo. Kumeneko anamva mawu amene anakalamba nawo: "Wakufa sadziwa kupempha, umangomuchitira."

Anakwatiwa ndi Yonasi, mnyamata wophunzitsa katekisimu. Nkhondo itavuta kuno, anthu athu anathawira ku Muloza, kutsidya ku Malawi, ndipo banjali linatumidwa kukatumikira mumsasa wa othawa kwawo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rosita, anabadwira komweko. Mtendere utabwera mu 1992, anthu a ku Namirumba anayamba kumanga akatundu, ndipo anapempha kuti katekisita wawo apite nawo.

Abale a mayi Eneresi anakana kwamtuwagalu. Kwawoko mkazi sachoka pamudzi, mwamuna ndiye amabwera kuchikamwini. "Eni ake anathawa dzikolo, iwe ukukafunako chiyani?" anatero malume awo. Koma iwo anasiya munda, nasiya manda a amayi awo, nabereka Rosita kumbuyo, n'kuwoloka malire pamodzi ndi anthu amene sanali awo.

Anapeza mudzi utasanduka tchire. Kapela inalibe denga, ndipo mtengo wa mpoza unali utamera pamene pankakhala guwa. Poyenda, munthu ankaponda pamene mnzake waponda, kuopa mabomba okwirira. Belu lawo linali chitsulo cha gudumu la lole yopsa. A Yonasi ankakwera njinga m'mamawa kukayendera timipingo ta m'dera la Majaua, ndipo mayi ankatsala akuphunzitsa ana mapemphero, akuumba njerwa ndi amayi anzawo, akulima chinangwa pamalo obwereka. Chipwitikizi chawo chinali chosekesa. Akapereka moni kuti "bom dia", ana ankagubuduka ndi phwete, iwonso n'kuseka nawo.

Anthu atayamba kuswa mphanje, makasu anayamba kugunda mafupa. Ena ankazindikirika ndi mkanda, ena ndi chibangiri. Amenewo ankawalira, n'kukawaika m'manda a mbumba yawo. Koma panali ena opezeka ndi nsapato za jombo ndi malamba a zipolopolo. Amenewo anali anthu amfuti. Palibe ankafunsa kuti anali a mbali iti. Ankangowakankha ndi khasu mpaka m'mphepete mwa dambo, kumene kunali msasa wawo nthawi ya nkhondo, n'kulavula malovu.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli kumunda, mayi Eneresi ankasenda chinangwa m'nyumba. Panja panamveka mawu.

"Odi!"

Anali mawu a mnyamata, otopa ngati a munthu wochokera kutali.

"Lowani," anayankha.

Palibe analowa. Atasuzumira, pabwalo panali mbee. Nkhuku zimene zinkafukula pakhomo zinali zitaima chilili, makosi ali m'mwamba, zonse zikuyang'ana malo amodzi pamene panalibe kanthu. Mawa lake zinachitikanso, nthawi yomweyo. Mkuja wake anayala mphasa pakhonde, naika chikho cha madzi. Madziwo sanachepe, koma ntchentche sizinaterepo.

Anakaulula kwa mnansi wawo, mayi Ilda, ali pa njira ya kuchitsime. Mayi Ilda anatula ndowa pansi, madzi n'kutayika.

"Mana, mchemwali wanga, mawu opanda mwini sayankhidwa. Mwayankha?"

"Mlendo akaodira, ndingakhale chete bwanji?"

Mayi Ilda anakhala pansi m'njira momwemo. Anafotokoza kuti anali ndi mwana, Pascoal. Anthu amfuti anamugwira akuchokera kusukulu, asanamere n'komwe ndevu. Patapita zaka anabwera nawo, mfuti ili paphewa, akuwalozera njira ya kumudzi kwawo komwe. Tsiku limenelo nyumba zinapsa, ndipo pakati pa akufa panali mkazi wa a Laurindo. A Laurindo anali mlongo wawo wa mayi Ilda, malume ake a Pascoal, mwini mbumba, komanso mkulu wa mpingo.

"Mafupa ake ali patsinde pa mkuyu, kudambo kuja," anatero mayi Ilda. "Ndinamuzindikira ndi mendulo ya Maria imene ndinamumangirira ndi waya m'khosi. Ndinapempha achimwene kuti timuike. Anati manda athu si a afisi. Pakhomo panga sabwera, akudziwa kuti ndilibe mphamvu. Wabwera kwa inu poti nanunso ndinu alendo."

Mayi Eneresi anapita kwa a Laurindo. Anagwada patali monga mwa ulemu, nanena chimene chawabweretsa. A Laurindo ankasema mpini, ndipo sanasiye.

"Inu a ku Malawi, nkhondo munkaimvera pa wailesi," anatero. "Ine mkazi wanga ndinamutola ndi manja awa. Mukufuna akagone pafupi ndi amene anamubweretsera moto?"

"Zoona bambo, sindinaione nkhondo. Pa za mkazi wanu ndilibe pakamwa. Koma mwana uja anamutenga ali wa msinkhu wokatumidwa mchere."

"Mwabwera kudzatiphunzitsa mapemphero. Phunzitsani mapemphero."

Asaweruzidwe msanga a Laurindo, chilonda chawo chinali chenicheni. Koma panali ena ambiri amene sanataye ngakhale nkhuku pa tsiku lija, ndipo ndiwo anakuwa kwambiri.

Madzulo ake a Yonasi anadandaula. "Make Rosita, tikachita zimenezi m'kapela titsalamo atatu, iwe, ine ndi mwanayu. Komanso unaona kuti mkazi akuika maliro?"

"Nthayo amaika ndani?" anafunsa mayi. "Khanda likapita padera, si ife akazi timakalikwirira tokha, popanda nyimbo, popanda dzina? Uyunso dziko linamutaya asanakhale munthu. Ndi ntchito yathu."

M'mawa mwake iwo ndi mayi Ilda analowera kudambo, akutsata kanjira ka mbuzi poopa mabomba. Kumeneko kunalibe mbalame yolira. Anapeza mafupa ali mbuu pakati pa mizu ya mkuyu, udzu utamera m'nthiti. Mayi Eneresi anavula chitenje chawo cha bungwe la amayi, chokhacho chabwino chimene anali nacho, nayala pansi. Anatola limodzilimodzi, akutchula Atate Athu. Mayi Ilda sanathe kugwira, ankangoti, "Pepa mwanawe, pepa." Mtolowo unali wopepuka kuposa nkhuni za tsiku limodzi.

Anayamba kukumba kuseri kwa kapela, malo amene sanali a mbumba iliyonse. Asanafike patali, a Yonasi anatulukira, nawalanda khasu. "Ine ndili moyo, mkazi wanga sakumba manda," anatero. Anakumba, napemphera mapemphero onse a maliro, osadumpha ngakhale limodzi. Anthu ankaonerera ali patali, manja ali pakamwa.

Mayi Eneresi anaganiza kuti zatha. Koma patapita masiku, masana omwewo, kunamvekanso odi. Mawu anali ena, a munthu wamkulu. Tsiku lina anali a chilankhulo chimene sanachimvepo. Iwo sankadikiranso kuuzidwa, ankangotenga nsalu n'kulowera kudambo. Chimene sanachiiwale mpaka ukalamba ndi tsiku limene anaodira mawu a kamwana, opyapyala. Atafufuza m'bango anapeza jombo zazikulu, koma mafupa a m'katimo anali aang'ono ngati a Rosita. Tsiku limenelo sanadye.

Anapitiriza mpaka kudambo kunatha mafupa, ndipo masana anakhalanso masana wamba. Kuseri kwa kapela kunali mizere ya timitumbira tatifupitifupi, tambiri topanda dzina.

Mtengo wake anaulipira okha. Mwambo umati wogwira maliro asathire mchere m'ndiwo mpaka atasambitsidwa, koma anthu anati uyu sangayere, wagwira anthu oipa ochuluka. Pa chikondwerero cha mpingo, mbale yawo ya ndiwo inkabwerera yodzaza. Akafika pamene pabadwa mwana, amayi ankatembenuzira khanda kukhoma. Mayi amene ankakonda ana chotere anakhala zaka osanyamula khanda la mnzawo. Zenera la kumbuyo kwa kapela analitseka ndi njerwa, njira anaipatutsa, ndipo malo aja anawatcha kudzala. Akhristu obatizidwa, odya Ukalistia Lamulungu lililonse, kutcha manda kuti kudzala! A Yonasi ankawalemekezabe, poti ndi mwamuna ndiponso katekisita. Zonse zinagwera mayi.

Sanabwezere mawu. Ankasesa kapela, kuchapa nsalu za paguwa, kuyendera odwala amene ankalola. Rosita akabwera akulira kuti anzake akumutcha mwana wa otola mafupa, ankamuuza kuti, "Usawade. Akuopa, ndipo mantha sachoka ndi kukalipira." Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira akufa m'mwezi wa Novembala, mabanja akamapita kukalambula manda awo, iwo ankatenga khasu kupita kuseri kwa kapela. Poyamba ankapita ndi mayi Ilda. Mayi Ilda atamwalira n'kuikidwa m'manda a mbumba, kutali ndi mwana wawo, ankapita okha. Pempho lawo linali limodzi, kuti malowo adalitsidwe ngati manda ena onse. Akuluakulu a mpingo ankangoti tidzaona, ndipo wansembe, amene kuno timati padiri, akabwera nkhaniyo sinkatchulidwa.

A Yonasi anamwalirira kuchipatala ku Malawi, naikidwa kwawo. Rosita, amene anali atakwatiwa kutsidya, anawachonderera kuti abwerere.

"Amayi, ntchito inali ya ababa, yatha. Mukudikira chiyani kwa anthu osakudyerani n'komwe?"

"Ndikachoka, tchire liwadya kachiwiri," anayankha.

Anakalambira ku Namirumba. Ana amene ankaseka Chipwitikizi chawo anakula, ndipo ena mwa iwo anayamba kuwabweretsera makanda mobisa kuti awanyamule. Maso atayamba kuchita khungu, ankalambula manda aja chokhala pansi, akupapasa mtumbira ndi dzanja.

Chaka chino mvula itatha, anadwala, nagona pamphasa osathanso kudzuka. Rosita anabwera kudzawadwazika. Tsiku lina a Laurindo anafika ndi akuluakulu ena, akuyenda ndi ndodo, mutu uli mbuu.

"Amayi, mwakhala nafe nthawi yaitali," anatero. "Tagwirizana kuti Mulungu akakuitanani, mukagone m'manda a mbumba yathu. Simulinso mlendo."

Unali ulemu umene mlendo sanapatsidwepo m'mudzi uno. Mayi Eneresi anawomba m'manja mofooka.

"Zikomo bambo, mwandilemekeza. Koma mundiike kuseri kwa kapela."

"Kudzala kuja?"

"Komweko. Mawu a wopita sakanidwa, paja mwambo wanu umatero?"

A Laurindo anayang'ana anzawo, koma palibe anawathandiza. Mayi analandira masakramenti, ndipo patapita masiku ochepa, chakumadzulo dzuwa lisanalowe, Rosita akuwawerengera korona, anapuma komaliza mwakachetechete ngati munthu amene watula mtolo.

Tsono mudzi unalibe pothawira. Adzukulu anayenera kulowa ndi makasu pamalo amene makolo awo ankawalambalala. Amayi anayenera kudutsa pakati pa timitumbira tija akuimba. Padiri atafika anaima, nayang'ana mizere yonse, nafunsa kuti awa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani sanauzidwe. Anati sangadalitse dzenje limodzi n'kusiya anzake, choncho anayenda ndi madzi odalitsa mtumbira ndi mtumbira mpaka kumapeto.

Mwambo unatalika, ndipo miyendo ya a Laurindo inalephera. Anakhala pansi, natsamira kamtumbira kamene kanali pafupi. Kenaka anakodola Rosita.

"Mwanawe, apa pagona ndani?"

Rosita anazengereza. "Ndi Pascoal, agogo."

Amene anali pafupi anasiya kuimba. Ena anatambasula manja kuti awadzutse, koma a Laurindo anawakankha. Anayang'ana kamtumbirako kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, nakayeza ndi ndodo yawo.

"Kufupika chonchi?" anatero. "Anali wamtali mwana ameneyu. Ankandipitirira ine."

Anaika ndodo pambali, nayamba kuzula udzu ndi manja. Anthu atabalalika kupita kukasamba, iwo anali akadali pomwepo.

Mayi Eneresi anapempha chinthu chimodzi kwa zaka zonsezi, ndipo mpingo unawapatsa atatseka maso. Zimenezi zitichititse manyazi tonse, ngakhale ife amene tinabadwa nkhondo itatha, poti nafenso tinkalambalala. Ambuye amene sanafunse mbala ya pamtanda kuti inali ya mbali iti, awalandire mdzakazi wawo Eneresi, pamodzi ndi onse amene agona nawo kuseri kwa kapela. Ause mumtendere.