Mizu ya Amalume Inanditsatira ku Joni

Amene anandipasulira banja ndi amalume anga enieni, a Jailosi a ku Ngala, omwenso anali ankhoswe anga. Anandiuza pafoni kuti matenda amene ndinadwala ku Joni anachokera kwa mkazi wanga amene ndinamusiya kumudzi, kenako anamuthamangitsa pakhomo.

Ku Joniko ndinapita nditatopa ndi kupalasira anthu ena bwato. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi nditakankha mphunzitsi pa nkhani ya chikwapu, ndipo kodula nzimbe ku Dwangwa ndinangothako nyengo imodzi chifukwa kapitawo ndi ine sitinkamwerana madzi. Ndinauza Lusiya, mkazi wanga, kuti ndikabwera ndi injini ya boti. Iye anati, "Inu mukangobwera ndi mtima wozizira, injini tidzabwereka." Ndinamusiya pakhomo pa amayi, mwana ali kumsana.

Kumeneko tinkagona anthu anayi m'kachisakasa ka malata. Masana ndinkasenza simenti, madzulo ndinkangoyang'ana foni. Chaka chinatha, china n'kuyamba, injini osaoneka. Kusungulumwa kwa kunja kumaluma ngati nsikidzi, sugona, umangotembenuka. Pageti pa ntchito panali mkazi wina wogulitsa chakudya amene ankandiseka ndikamalankhula Chizulu chothyokathyoka. Ndinapita naye, kondomu osavala. Zinali choncho basi.

Patangopita masiku ochepa, kukodza kunasanduka nkhondo. Kunkawotcha ngati ndathirako tsabola wa kambuzi, ndipo m'mawa kabudula wamkati ndinkamupeza ali ndi mafinya achikasu. Kuchipatala ndinkaopa chifukwa mapepala anali atatha, ndimati akandigwirira komweko. Ndiye ndinaimbira amalume.

Sanandifunse n'komwe ngati ndinayendako. Anangoti, "Mphwanga, amenewo si a kuchipatala. Mkazi wako wakudula. Mkazi akamayenda njira ziwiri, amadwala ndi mwamuna, angakhale ali kutsidya kwa nyanja. Ine ndimamuona akuseka ndi anyamata a kunzimbe pamsika."

Za mkazi wa pageti uja ndinkazidziwa bwino, koma mawu a amalume anakoma kuposa choonadi. Tsiku lomwelo ndinajambula mawu pafoni n'kumutumizira Lusiya. Zimene ndinanenazo sindingazilembe pano. Iye anayankha kamodzi kokha: "Bambo a Chisomo, ndi ine mukunenayu?" Ndinamutsekera foni.

Amalume ananditumizira mizu kudzera kwa matransipota, yomangidwa m'jumbo, ati ndiziwiritsa n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Ndinamwa mpaka lilime linachita dzanzi. Mafinya anachepako pang'ono, ine n'kumati mizu yagwira. Kenako mbali imodzi ya kumaliseche inatupa, kutentha ngati mbatata yootcha. Ndinkayenda motang'adza, ndipo ntchito inatha.

Anandipulumutsa ndi Kasimu, mnzanga wa pa boma pa Nkhotakota amene tinkagona chisakasa chimodzi. Anati, "Walahi, iwe ufera m'nyumba muno, ndipo ine ndalama yotumizira mtembo ndilibe. Vala nsapato."

Kuchipatala palibe anandigwira. Namwino anandifunsa mafunso, Kasimu akumasulira. Ndinamuuza za mkazi wanga wakumudzi. Anafunsa kuti ndinagona naye liti komaliza, ndinati chaka chatha. Anapukusa mutu. Anati chinzonono ndi tizilombo topatsirana pogonana popanda kondomu, ndipo zizindikiro zimatuluka pa masiku owerengeka, siziuluka pamphepo kuchokera dziko lina. Anatinso kawirikawiri chimabwera pamodzi ndi tizilombo tina tobisala, n'chifukwa chake anandibaya jakisoni n'kundipatsanso mapiritsi oti ndimalize onse. Anandiyeza magazi, anandiletsa kugona ndi mkazi mpaka nditachira, ndipo anati amene ndinagona nayeyo abwerenso adzalandire mankhwala, chifukwa akazi ambiri amakhala nacho osadziwa. Za kutupako anati ndikanachedwanso, mwina mwana wachiwiri sindikanamuona.

Ndinachira msanga moti ndinakwiya. Miyezi yonse ija ndikumwa zowawa, jakisoni mmodzi ali pafupi pomwepo.

Ndinabwerera ku Ngala ndi chikwama chimodzi. Amayi anandilandira osandiyang'ana kumaso. Anati amalume anasonkhanitsa anthu pakhomo, anawerenga mlandu wa Lusiya, ndipo iye ananyamula mwana n'kubwerera kwawo ku Dwambazi. Palibe anaimirira kufunsa kuti nanga mwana wathu ku Joniko akuyenda bwanji. Kwathu kuno mwamuna akadwala kumusi, anthu amayamba afufuza mkazi woti amusenzetse mlandu.

Lusiya ndinakamupeza ku Dwambazi akuyanika usipa pathandala. Anali ataonda. Chisomo anabisala kumbuyo kwa chitenje chake, osandidziwa. Ndinamuuza zonse, za pageti, za jakisoni. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Ndiye mwabwera kudzanong'oneza kuno?" anatero. "Uhule wanga unalengezedwa pagulu, bambo a Chisomo. Kuchigayo akazi anzanga amasuntha ndowa ndikafika. Mukandifuna, mukachotse dzinalo pomwe linaikidwa, anthu akumva. Apo ayi, basi ya ku Joni siinathe."

Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Ngala. Amalume ndinawapeza padoko akusoka ukonde wa chilimira, atazunguliridwa ndi asodzi ndi amayi ogula nsomba. Atandiona anamwetulira.

"Mphwanga wafika. Mwaona mizu yanga? Akuyenda bwinobwino."

Manja anga ndinawapinda kumbuyo kuti asachite zawo zija. Anthu anasiya zimene ankachita. Ndinalankhula mokweza kuti ndi amene anali m'madzi amve.

"Amalume, chinali chinzonono. Ndinachitenga ndekha ku Joni kwa mkazi wina, ndipo anandichiritsa ndi a chipatala. Lusiya sanandidule. Inu munali ankhoswe, ntchito yanu inali kufunsa mbali zonse, koma munangofunsa kuti wamagazi anu ndani. Mawa tikwera limodzi kupita ku Dwambazi, mukagwade pamaso pa makolo ake monga ndikagwadire ine. Mukakana, unkhoswe wanu wathera padoko pano."