Kufuna Moto Basi Ikupita

Uthenga unabwela m'mamawa kuti mkulu wanga Esinati wadwalika ku Katete, akungotchula dzina langa. Bashi Mwape, oyandikana nafe ku Chelstone mu Lusaka, anati andipeleke ku siteshoni ya mabasi ya Intercity pa takisi yawo ya malaiti, ndiye kuti ya magetsi, ija yosamwa petulo.

Galimotoyo anaigula ataona ine. Chaka chatha anyamata a kampani ina anandiveka chitenge chatsopano, nandigwilitsa chingwe chotchajila galimoto, nati, "Sekani, ambuya." Ndinaseka. Nkhope yanga anaipachika pa zikwangwani m'misewu, zilembo zili pansi pake. Ine kuwelenga sindidziwa.

Tisanafike patali galimoto inayamba kulila ngati mwanapiye.

"Batile yachepa, malaiti anayenda usiku," anatelo Bashi Mwape. "Osadandaula, tizachajinga ku Kabulonga."

Ku Kabulonga makina otchajila anali zii. Mlonda anatiyankha chitumbuwa chili m'kamwa: "Malaiti kulibe, ba bosi. Yesani ku Woodlands."

Ku Woodlands makinawo anali asanawaike n'komwe. Panali dzenje, mulu wa mchenga, ndi ine pamwamba pa chikwangwani, mano onse panja. Mayi wogulitsa tomato anandiyang'ana, nayang'ana kumwamba, naomba m'manja.

"Iyee, ndimwe ambuya! Manje vachitika bwanji? Si munakamba ati, 'Ine sinikhalila panjila'?"

Ndi pamenepo ndinamva mau amene anandiika m'kamwa.

Pa Kabwata galimoto inangoima, osatsokomola ngakhale kamodzi. Bashi Mwape anagwila mutu. Sanandinene, koma sanandiyang'anenso. Ndinasenza chikwama changa n'kukwela minibasi ya makwacha khumi, kondakitala akukuwa, "Tauni! Tauni!"

Ku Intercity anyamata oitanila anayamba kulimbilana chikwama, kenaka ndiye kundiuza kuti basi yapita kale. Ndinadikila ya masana. Itafika pa Chelstone ndinaona pawindo njila yolowela kwathu. Ndiye kuti ija ya m'mawa inadutsa pomwepa, ine ndili kuzungulila Lusaka kufuna moto wa batile.

Ku Katete sindinafunse munthu. Mipando inali itatulutsidwa pabwalo, amayi a mpingo akuyimba m'nyumba. Mlamu wanga anandigwila dzanja.

"Anakudikilani, mlamu. Galimoto iliyonse ikamveka ankafunsa ngati ndinu."

Ana anga, musamasekelele chinthu chimene simunayendepo ndi thupi lanu. Akuti makinawo adzawaika, malaiti adzabwela. Adzabwela, inde. Esinati ndiye sabwelanso.