Viness Safeli ndi Loweruka la ku Laibulale

Viness Safeli kwawo ndi ku Thyolo, kumunsi kwa minda ya tiyi. Sukulu anailekezera Fomu 2 bambo ake atamwalira, koma kuwerenga sanasiye. Ngakhale nyuzipepala yokulungira tomato ankayamba waitambasula n'kuiwerenga mbali zonse. Ku Cape Town anafika mu 2009 kutsatira mwamuna wake Julius, amene ankasamala maluwa m'nyumba za ku Kommetjie. Anapeza kachipinda ka malata ku Masiphumelele, iye n'kuyamba ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek.

Panjira yopita ku siteji ya matekisi panali laibulale ya mzinda. Viness ankaweruka madzulo itatsekedwa kale. Loweruka ankaweruka masana, koma laibulale inali itatseka dzuwa lisanafike pamutu. Kwa zaka ndithu mabuku ankangowaonera pagalasi.

Tsiku lina mabwana ake atapita kuukwati ku Paarl, Viness anaweruka msanga n'kulowa mulaibulalemo. Woyang'anira laibulaleyo, mayi wachiXhosa dzina lake Nomfundo, anamupangira khadi n'kumuonetsa mashelefu. Potuluka Viness anafunsa chifukwa chimene amatsekera msanga Loweruka, pamene ndiyo nthawi yokha imene antchito a m'nyumba amapuma. Nomfundo anamuuza kuti nthawi sakhazikitsa ndi iye. Panali komiti ya anthu a m'deralo imene inkagwirizana za malamulo, maola otsegulira ndi mabuku ofunika kugula, kenako n'kupereka maganizo awo ku khonsolo. Anawonjezera kuti mpando wa anthu a ku Masiphumelele unali wopanda munthu kuyambira kalekale, chifukwa palibe ankabwera kumsonkhano wosankha.

Julius atamva kuti Viness akufuna kupita kumsonkhanowo, nkhope inagwa. Ankati mlendo m'dziko la eni ake amayenera kuyenda chozyolika, makamaka pokumbukira ziwawa zimene zinachitikira alendo chaka chimene Juliusyo anangofika kumene. Viness anangomuyankha kuti akukafunsa za chitseko basi, osati za dziko. Anapita ndi mnzake wa kutchalitchi, Tione, ndipo nthawi yotchula mayina itakwana Tione anaimirira n'kutchula la Viness asanamufunse n'komwe. Panalibe wopikisana naye. Viness anabwerera kunyumba ali membala wa komiti.

Misonkhano yoyamba sanayankhule. Chingerezi chinkathamanga, ndipo anthuwo ankadziwana kuyambira kale: aphunzitsi opuma, mwini sitolo ya mankhwala, ndi wapampando mayi Lategan, amene ankatsatira dongosolo mosakhota. Atalimba mtima n'kutchula za Loweruka, anamuuza mwaulemu kuti nkhani imayenera kuperekedwa kwa mlembi msonkhano usanafike. Mwezi wotsatira anaipereka bwinobwino, koma panasowa woivomereza kachiwiri, ndiye inangothera pomwepo. Mayi Lategan anafotokoza kuti maola a antchito ndi a mlonda amaikidwa ndi khonsolo, ndipo komiti singawonjezere ngakhale limodzi.

Tsiku limenelo Viness anaganiza zosiya. Akutuluka, bambo Fortuin, mkulu wina wa m'komitimo amene kale ankayendetsa sitima ya pamtunda, anamuperekeza mpaka pa siteji. Anamuuza kuti iwonso nkhani yawo yoyamba inagwa chimodzimodzi.

"Mwapempha chinthu chimene komiti ilibe, mayi Safeli," anatero. "Maola sitingawonjezere, koma kuwasuntha tingathe. Ganizani pamenepo, ine ndidzakuvomerezani."

Anakambirana ndi Nomfundo, amene anakafunsa antchito anzake. Onse anati Lolemba m'mawa kumakhala zii, ndipo ambiri analola kusinthana Loweruka masana ngati Lolemba angamalowe mochedwa. Viness anabweretsanso nkhaniyo: atseke Lolemba m'mawa, atsegule Loweruka mpaka madzulo. Mkangano unakula. Mwini sitolo ya mankhwala ankakayika ngati anthu otopa ndi ntchito angabweredi kudzawerenga. Wina anakumbutsa za okalamba amene ankakumana Lolemba kuwerenga nyuzipepala. Funso limeneli linamupeza Viness asanakonzeke, ndipo anavomera kuti sanawaganizire. Anapempha kuti akalankhule nawo yekha.

Anapempha nthawi kwa mabwana ake n'kupita Lolemba lotsatira. Anapeza agogo ochepa atazungulira tebulo, ndipo sanamulandire ndi manja awiri. Anawafotokozera za azimayi amene amachapa ndi kusita sabata yonse, ena mwa iwo m'nyumba za agogowo. Gogo wina anang'ung'udza mpaka mapeto, koma enawo anavomera kusamukira Lachiwiri, bola tebulo lawo la pawindo lisakhudzidwe.

Pa voti nkhaniyo inadutsa mopyapyala, ndiponso mongoyesa kwa nyengo yozizira yokha. Anthu akapanda kubwera, zonse zibwerera mwakale. Khonsolo inavomera.

Apa m'pamene Viness anagwira ntchito yeniyeni. Ankalengeza m'tekisi, pa mpopi, ndi ku mapemphero a Amalawi ku Wynberg. ChiXhosa chake chinali chothyokathyoka, anzake ankaseka, koma uthenga ankaumva. Kwa amayi a ana ankati kuli mabuku a zithunzi ndi malo ofunda. Kwa anyamata a m'magalaja ankati kuli makompyuta ndi mabuku a mayeso a laisensi.

Loweruka loyamba kunagwa mvula yamphepo, ija yopinda maambulera. Viness anathamanga kuchokera kuntchito, n'kupeza mkati muli Nomfundo, mlonda ndi mayi Lategan okha, amene anabwera kudzadzionera. Anakhala pansi n'kutsegula buku, koma sanaone chilembo n'chimodzi chomwe.

Kenako tekisi inaima panja. Anatsika Tione ndi azimayi a kwaya, atafunda mapepala apulasitiki kumutu. Inabwera ina, muli amayi achiXhosa ndi ana awo. Ena anafika wapansi kuchokera m'nyumba za mabwana, yunifolomu ikuonekera kunsi kwa jekete. Mzere wopangitsa makadi unafika pakhomo, mpaka mayi Lategan anavula chikhoti n'kukhala pambali pa Nomfundo kuthandiza kulemba mayina. Anavutika ndi dzina la Thokozgani, mwini wake n'kuwatchulira pang'onopang'ono onse akuseka.

Chakumadzulo Julius analowa nsapato zili matope, n'kuima pakhomo ngati wasochera. Viness anamuyandikira.

"Bambo a kunyumba, mwabwera kudzanditenga?"

"Ayi," anatero Julius motsitsa mawu. "Ndamva kuti kuli buku la kadulidwe ka mitengo ya zipatso. Mundipangitsire khadi inenso."

Nyengo yoyesa itatha, panalibe amene anatsutsa. Mwini sitolo ya mankhwala ndi amene anayamba kunena kuti maola atsopanowo akhazikike, ndipo manja onse anakwera. Chaka chotsatira, pa msonkhano wosankha, mipando inachepa m'holo, ndipo pa mpando wa Masiphumelele panapikisana anthu angapo. Viness anapambana, kenako komiti inamusankha kukhala wachiwiri kwa wapampando.

Ntchito ya m'nyumba akugwirabe. Masiku ano akulimbana ndi zoti laibulale igule mabuku a Chichewa, Chishona ndi Chitumbuka, ndipo nkhaniyo yabwezedwa kale kamodzi chifukwa akomiti sakudziwa kumene angawagule. Iye wayamba kale kufunsa madalaivala a mabasi a ku Blantyre ngati m'mabuti mwawo mungapezeke malo a katoni imodzi.